Chenjezo kwa Ogula Galimoto Zogwiritsidwapo Kale Ntchito Kudzera pa Intaneti

Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu ya dziko lino zinagulidwa kunja zitagwiritsidwapo kale ntchito, makamaka ku Japan, South Africa ndi United Kingdom. Zochokera ku Japan zimatsitsidwa pa madoko monga Dar es Salaam ndi Durban, kenako zimalowa m'Malawi kudzera pa zipata za Songwe, Dedza kapena Mwanza. Popeza wogula amalipira galimoto asanaione, anthu achinyengo apezerapo mpata woba. Alimi amene agulitsa fodya kapena soya, komanso amalonda amene asonkhanitsa ndalama kwa zaka, akulangizidwa kudziwa njira zimene akubawa amagwiritsa ntchito.

Njira yoyamba ndi kugulitsa galimoto imene kulibe. Wakuba amatenga zithunzi pa tsamba la kampani yeniyeni n'kuziika pa Facebook kapena WhatsApp pa mtengo wotsika kwambiri. Kawirikawiri amasankha galimoto zaliwiro zimene anthu amazisirira, monga Subaru Impreza WRX, Toyota Mark X ndi Volkswagen Golf GTI. Amauza wogula kuti pali enanso amene akuifuna, choncho atumize msanga ndalama ya chikole pa foni. Ndalama ikangolowa, nambala ija imaleka kupezeka.

Njira yachiwiri ndi kutsanzira kampani yodziwika. Akuba amapanga tsamba lofanana ndi la kampaniyo koma atasintha chilembo chimodzi pa dzina lake, kapena amatumiza invoisi yokhala ndi akaunti ya banki ina. Kampani yeniyeni imalandira ndalama pa akaunti ya dzina la kampaniyo. Ngati invoisi ikulamula kuti ndalama zipite kwa munthu wamba, kapena ku dziko losiyana ndi kumene kuli kampani, wogula aime kaye, afunse kampaniyo kudzera pa nambala yolembedwa pa tsamba lake lenileni.

Njira yachitatu ndi kubisa mbiri ya galimoto. Ena amabweza mita ya makilomita kuti galimoto ioneke ngati sinayende kwambiri, ena amapenta yochita ngozi kapena yomira m'madzi. Vutoli ndi lalikulu pa galimoto zaliwiro chifukwa zambiri zimakhala zitathamangitsidwa mopitirira muyeso, ndipo zipangizo zake monga turbo ndi giyabokosi n'zodula komanso zosowa. Galimoto yogulidwa pa okushoni ku Japan imakhala ndi pepala losonyeza giredi yake, makilomita amene yayenda ndi malo amene inakonzedwa. Wogula apemphe pepalali pamodzi ndi chikalata chotulutsira galimoto ku Japan, ndipo aone ngati nambala ya chasisi ikufanana pa zikalata zonse.

Njira yachinayi ikukhudza galimoto zimene zili kale m'dziko muno. Ina imakhala yobedwa kunja n'kusinthidwa nambala ya chasisi, ina inalowa popanda kulipira msonkho. Galimoto yotere ikagwidwa ndi apolisi kapena bungwe lotolera misonkho la MRA, amene amaluza ndi wogula, ngakhale anaigula mosadziwa.

Pofuna kupewa zonsezi, wogula galimoto ya m'dziko muno akaione yekha masana, atatenga makaniki amene amamukhulupirira. Ayerekeze nambala ya chasisi ndi ya injini ndi zimene zalembedwa m'buku la galimoto, ndipo dzina la mwini lifanane ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsayo. Atsimikizire umwini ku nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS, za msonkho ku MRA, ndipo apolisi a nthambi ya Interpol aone ngati galimotoyo si yobedwa. Zonsezi zichitike ndalama isanaperekedwe.

Woitanitsa kuchokera kunja alipire kudzera ku banki ndi kusunga zikalata zonse. Afunse ngati mtengo wolembedwawo ukuphatikiza zolipira sitima ndi inshuwalansi, pakuti mtengo wa FOB suphatikiza zimenezi pamene wa CIF umaphatikiza mpaka pa doko. Adziwenso kuti msonkho umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, kotero galimoto ya injini yaikulu imalipitsa ndalama zambiri pa chipata kuposa yaing'ono.

Kubera anthu pa intaneti ndi mlandu, ndipo lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la chaka cha 2016 limavomereza mauthenga a pa foni ndi pa kompyuta kukhala umboni m'bwalo la milandu. Aliyense amene waberedwa asafufute mauthenga, malisiti kapena zithunzi. Akanene msanga ku polisi ndi ku banki kapena kampani ya foni imene anatumizira ndalamazo, chifukwa kuchedwa kumapatsa wakuba nthawi yotapa ndalama zonse. Madandaulo okhudza wamalonda wa m'dziko muno amene wanamiza wogula aperekedwe ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission.