Nambala yaifupi pa chasisi si umboni wakuti galimoto ndi yakuba

Mwezi wathawu kugalaja kwathu kunafika mayi ena achikulire pamodzi ndi mwana wawo wamwamuna. Galimoto sanabwere nayo. Anangotenga buluu buku yokulunga m'pepala lapulasitiki, ndi chithunzi pa foni ya mnyamatayo. Galimotoyo ndi Land Cruiser yapikapu imene malemu amuna awo ankatutira chimanga ndi fodya, ndipo chimwalirireni bambowo yangokhala pa njerwa kuseri kwa nyumba. Banja litagwirizana zoigulitsa, panapezeka wogula. Iye anakopera nambala ya chasisi n'kuilowetsa pa intaneti, foni n'kumuyankha kuti nambalayo ndi yolakwika. Pomwepo mkulu uja anagamula mlandu: nambala yeniyeni imakhala ndi zilembo 17, iyi yaperewera, ndiye kuti galimotoyi inabedwa. Akuti angowathandiza poitenga pa mtengo wa zitsulo zakutha.

"Amisiri, za ndalamazo zisiyeni kaye," anatero mayiwo. "Mundiuze ngati bambo a ana angawa ankayendetsa galimoto yakuba zaka zonse zija."

Pa chithunzipo panali dzimbiri lambiri, koma zilembo zinkawerengeka: HJ45, kamzere, kenaka manambala otsatana. Ndinawauza kuti akhazike mtima pansi, chifukwa nambalayo ndi yolongosoka ndipo inkafanana ndi ya mu buluu buku. Ikanakhala ya zilembo 17 m'pamene ndikanayamba kukayika. H akuimira injini ya dizilo ya masilinda 6, ya malita 3.6. J ndi chilembo chimene Toyota inapatsa banja lonse la Land Cruiser. Nambala 45 ikunena za ija yaitali ya m'gulu la 40, imene ambiri kuno timaidziwa ngati pikapu. Mtundu wa HJ45 unkapangidwa m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 1980 unalowedwa m'malo ndi HJ47 ya injini ya 2H. Nthawi imeneyo lamulo la zilembo 17 linali lisanayambe kugwira ntchito. Mayiwo anabwerera kwawo mtima uli m'malo, ndipo galimoto sanaigulitse kwa mkulu uja.

Bodza limeneli landitopetsa. Ndimalimva m'magalaja, ndimalimva kwa madobadoba ogulitsa magalimoto, ndipo masiku ano likufala msanga chifukwa aliyense ali ndi foni m'manja. Anthu akutaya chuma cha makolo awo, ena akuipitsiridwa mbiri, chifukwa cha tsamba la pa intaneti limene linakonzedwa kuti liziwerenga magalimoto a msika wina, a nyengo ina.

Nambala ya zilembo 17 ija, imene m'mapepala amailemba kuti VIN, si yakalekale ayi. Boma la America linalamula kuti magalimoto ogulitsidwa m'dzikolo akhale nayo kuyambira a chaka cha 1981, ndipo makampani anaifalitsa kumisika ina pang'onopang'ono. M'mbuyo monsemo kampani iliyonse inali ndi kalembedwe kakekake. Mapikapu a Ford a m'ma 1960 ndi m'ma 1970 ambiri ali ndi zilembo 11 zokha. Zoyamba, monga F10, zimanena kuti ndi F-100, chotsatira chimanena injini, china chimanena fakitale, zotsalazo ndi nambala ya pamzere wopangira. A Chevrolet ankalemba C pa pikapu yokoka ndi matayala akumbuyo okha, ndi K pa yokoka ndi onse anayi. Land Rover za Series IIA ndi zambiri za Series III zili ndi manambala 8 ndi chilembo chimodzi kumapeto. Manambala atatu oyambawo amakuuzani ngati ndi yaifupi ya mainchesi 88 kapena yaitali ya mainchesi 109, ngati ndi ya petulo kapena dizilo, ndiponso ngati inapangidwira msika wa ku Britain kapena wakunja. Chilembo chakumapetocho chimasonyeza kusintha kumene fakitale inachita pa kapangidwe, ndipo ndicho chimatithandiza posankha masipeya. Mpaka pano ku British Motor Museum, ku Gaydon, amasunga mabuku a fakitale, ndipo mwini Land Rover yakale angathe kuitanitsa chikalata chonena tsiku limene inapangidwa pongowapatsa nambala yaifupi yomweyo.

Ndipo si zakale zokha. Magalimoto opangidwira msika wa ku Japan komweko mpaka lero alibe zilembo 17. Amakhala ndi chizindikiro cha mtundu wake, kamzere, ndi nambala ya pamzere. Ambiri mwa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito amene timaitanitsa ku Japan ndi oterewa. Tsegulani boneti ya Sienta kapena Probox iliyonse mu Lilongwe muone nokha. Kodi onsewo tiwatchule akuba?

Ngakhale pamene zilembo 17 zilipo, anthu amaziwerenga mosokoneza. Zitatu zoyamba ndiye zodalirika kulikonse, chifukwa zimanena dziko ndi kampani. Yoyamba ndi JT ndi Toyota ya ku Japan, AHT ndi Toyota ya ku South Africa, MR0 ndi Toyota ya ku Thailand, ADN ndi Nissan ya ku South Africa, SAL ndi Land Rover. Mu VIN simupezeka zilembo I, O ndi Q, poopa kuzisokoneza ndi 1 komanso 0. Choncho mukaona O m'mapepala anu, dziwani kuti wokopera anaphonya, ndipo pitani mukakonzetse lisanafike tsiku logulitsa.

Vuto limabwera pa chilembo cha nambala 10. Anyamata ambiri analoweza kuti chimenechi chimanena chaka. Zimenezo n'zoona pa magalimoto a msika wa ku America: B ndi 1981, Y ndi 2000, 1 ndi 2001, ndipo A amene anaimira 1980 anabweranso mu 2010. Koma ma Hilux ndi ma Land Cruiser ambiri opangidwira misika yathu ino saika chaka pamalo amenewo. Munthu amawerenga chilembocho, n'kupeza chaka chosagwirizana ndi mapepala, mkangano n'kuyamba popanda chifukwa. Ine munthu akandifunsa chaka cha Toyota yakale, sindiwerenga zala. Ndimayang'ana chizindikiro cha mtundu wake, nambala ya pamzere, ndi buku la masipeya.

Ena amati manambalawa ndi nkhani ya apolisi ndi a Road Traffic basi, makaniko sakumukhudza. Amenewa sanagulepo sipeya yolakwika ndi ndalama zawo. Mawu akuti "Hilux ndi Hilux" awonongetsa anthu ndalama zambiri. Hilux inayamba kupangidwa mu 1968, ndipo yasintha kambirimbiri. Chilembo chake ndi N, ndipo chimene chili patsogolo pake chimanena banja la injini: RN ndi YN ndi za petulo, LN ndi ya dizilo. Mukanditchulira LN106, ndadziwa kale kuti ndi injini ya 3L ya malita 2.8, yokoka ndi matayala onse, ndipo kutsogolo ili ndi ekiselo yathunthu yokhala pa masipuling'i azitsulo zosanjikiza. Ndiye ndadziwanso mabushi, mabeling'i ndi masilu oti ndikafune ndisanaione n'komwe galimotoyo. Chilembo R kapena L chotsatira manambalawo chimanena mbali imene kuli chiwongolero, kumanja kapena kumanzere, ndipo zitsulo zina za chiwongolero sizisinthana pakati pa ziwirizi.

Nthawi zina chizindikiro chokha sichikwanira. FJ45 ya petulo inali ndi injini ya F ya malita 3.9, koma kuyambira mu 1975 inayamba kutuluka ndi 2F ya malita 4.2, chizindikiro chili chomwecho. Apa nambala ya pamzere ndi nambala ya pa injini ndizo zimalekanitsa. N'chimodzimodzi ndi kapikapu kakang'ono ka Datsun 1200, B120, kamene kanayamba mu 1971, ndi Nissan 1400, B140, imene ankaipanga ku Rosslyn ku South Africa mpaka mu 2008. Mukaziona zitaima pamodzi mungati n'zofanana, koma ina ili ndi injini ya A12, ina A14. Ma Land Cruiser ena akale a dizilo ndi a magetsi a mavoliti 24, ena 12, ndipo sitata, mababu ndi mapulagi otenthetsa injini m'mawa zimatsata pamenepo. Mukamapita ku Biwi kapena ku Ndirande kukafuna sipeya, nyamulani chizindikiro chonse papepala. Wogulitsa wodziwa ntchito yake adzakulemekezani, ndipo simudzayenda kawiri.

Pa Toyota pali chuma china chimene anthu amachipaka penti osachiwerenga. Ndi kachitsulo kopyapyala ka aluminiyamu kamene kamakhomedwa ndi marivetsi, kawirikawiri m'kati mwa boneti, pakhoma lolekanitsa injini ndi kokhala anthu. Pamenepo pamalembedwa mtundu, injini, nambala ya chasisi, giyabokosi, ekiselo, komanso penti imene galimoto inatuluka nayo. Nambala ya penti ikayamba ndi 0 ndiye kuti inali yoyera, 3 yofiira, 6 yobiriwira, 8 yabuluu. Ine mtima wanga umakhala pansi pikapu yakale ikabwerera ku mtundu wake wa ku fakitale. Penti zonyezimira za masiku ano siziyenerana ndi bodi ya m'ma 1970, ndipo ogula odziwa zinthu amachepetsa mtengo akaziona. Koma galimoto ndi yanu, ine ndangonena maganizo anga.

Kachitsulo kameneka n'kothandiza, koma si ndiko mboni yaikulu. Kamakhala pa bodi, ndipo pa pikapu ya zaka 40 kapena 50 mutu wonse ungathe kukhala kuti unasinthidwa pambuyo pa ngozi kapena chifukwa cha dzimbiri. Marivetsi awiri aliyense angawaboole. Mboni yeniyeni ndi nambala yodindidwa pa chitsulo cha chasisi. Pa Land Cruiser ndi Land Rover zakale kawirikawiri imakhala kumanja, chakutsogolo, pafupi ndi pamene pamangidwa sipuling'i, ngakhale malo amasiyana malinga ndi mtundu ndi chaka. Wakuba weniweni amaonekera pamenepo. Chitsulo chimakhala cholowa m'kati chifukwa chopalidwa, zilembo zimakhala zosalingana msinkhu kapena zokhotakhota, kapenanso pamaoneka mzere wa kuwotcherera kuzungulira nambala yonse. Zimenezo ndiye zoyenera kumuopsa munthu, osati kufupika kwa nambala.

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti nambala zambiri zimafa m'manja mwa ife eni ntchito. Mwini galimoto amafuna kuti iwale msanga, mmisiri amatenga gulayinda n'kupala chasisi yonse, n'kumata fila, n'kuthira penti yakuda yochindikala. Galimoto imatuluka yokongola, koma nambala yapita, mabuleki akadali omwe aja, ndipo pansi pa fila dzimbiri likudyabe. Akuluakulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Choipa koposa ndi pamene wina, pofuna kuthandiza, amagula zodindira n'kulembanso nambala yekha, mwinanso kuionjezera kuti ikwane 17 monga foni ikufunira. Galimoto imene inalibe mlandu imasanduka yokayikitsa tsiku lomwelo, ndipo mwini wake ndiye amakayankha mafunso kupolisi.

Kwa amene muli ndi pikapu yakale yoti mudzutse, nazi zochepa. Musanamasule bawuti ngakhale imodzi, pezani nambala ya pa chasisi. Tsukani ndi palafini ndi bulashi ya waya yapamanja, mosafulumira. Ikakhala yosaoneka bwino, pakani choko n'kupukuta pamwamba, kapena unikani ndi tochi chammbali, kapenanso ikani pepala n'kukhukhuza ndi pensulo. Ijambuleni. Kenaka yerekezani zitatu: ya pa chasisi, ya pa kachitsulo kaja, ndi ya mu buluu buku. Nambala ya injini ikasiyana ndi ya m'mapepala si chinthu chachilendo pa galimoto yakale, poti mainjini amasinthidwa, koma kafunseni kwa a Road Traffic kuti akuuzeni zoyenera kuchita kuti kusinthako kulembedwe. Nambala ya chasisi ikakhala yodyeka kapena yokayikitsa, imitsani ntchito, musalipire, mupite kwa apolisi ndi a Road Traffic. Ine ndine makaniko, ndipo mawu omaliza pa nkhani ya malamulo ndi awo.

Mapepala akalongosoka, ndalama ziyambire pansi: chasisi, mabuleki, chiwongolero, masipuling'i, kenaka injini ndi mawaya. Mapaipi a mabuleki ndi mipira yonse ya galimoto imene yakhala nthawi yaitali osayenda ndi bwino kungosintha, ngakhale zikuoneka zabwino. Penti ibwere pomaliza, ndipo popala kapena popenta chasisi phimbani nambala ndi tepi. Galimoto iliyonse ili ndi mavuto akeake, choncho makaniko wanu akaiona angasinthe ndondomekoyi pena ndi pena.

Kwa amisiri anzanga, pempho langa ndi limodzi: gulayinda isayandikire nambala ya chasisi. Khomo lodyeka tingaliwotcherere, injini yakufa tingapeze ina, koma nambala imene fakitale inadinda ikafufutika, palibe mmodzi wa ife amene ali ndi chilolezo choibwezera payekha.