Mbuzi ya Mpikisano ndi Kaundula wa Gofu

Chimanga chikangolowa m'nkhokwe, mabwalo a sukulu ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi amayamba kufuka fumbi. Wogula soya kapena wina wofuna ukhansala amaika mbuzi, majezi ndi mpira watsopano, midzi n'kuyamba kulimbana. Opambana amadya mbuzi yawo tsiku lomwelo. Chaka chotsatira mukafunsa kuti anamwetsa zigoli zambiri ndani, aliyense amatchula mphwake, ndipo mpikisanowo ungakhale utatha kale chifukwa mwini mbuzi sanapambane chisankho.

Gofu ndi masewero akutali ndi ife. Bwalo lake lodziwika kuno kum'mawa lili ku Chipata. Komabe momwe akatswiri ake anadzikonzera n'zoyenera kuziyang'ana.

Ku America, osewera odyera gofu anatopa kulamulidwa ndi bungwe lomwe ambiri mwa mamembala ake anali aphunzitsi a m'makalabu, ndipo mu 1968 anapatuka. Ndimo munachokera PGA Tour. Ku Ulaya European Tour inayamba mu 1972. Kuno kumwera kwa Africa kuli Sunshine Tour, ya ku South Africa. Onsewa amayendera njira imodzi. Wofuna kulowa amayamba wapikisana m'mayeso otchedwa Qualifying School, akakhoza amapatsidwa khadi. Mipikisano ya chaka chonse imalengezedwa pasadakhale. Pa mpikisano waukulu amasewera masiku anayi, maenje 18 tsiku lililonse, koma akatha masiku awiri, pafupifupi theka la osewera amabwezedwa kwawo chimanjamanja, atadzilipirira okha ulendo ndi malo ogona. Zomwe munthu wapata zimalembedwa m'kaundula, ndipo amene watsalira pansi kumapeto kwa chaka amalandidwa khadi, kaya ndi mwana wa yani.

Zambia inalawako zimenezi kale. Zambia Open inayamba mu 1972, nthawi ya a Kenneth Kaunda, omwe ankakonda gofu kwambiri. Inali mbali ya Safari Circuit, pomwe osewera a ku Britain ankathawa chisanu kwawo n'kudzazungulira maiko monga Nigeria, Kenya ndi Zambia. Ian Woosnam anapambana kuno mu 1985, patatha zaka 6 n'kukatenga Masters ku Augusta. M'zaka za m'ma 1990 mpikisanowu unalowa pansi pa Sunshine Tour, ndipo wachitikirapo ku Lusaka Golf Club, ku Nkana ndi ku Nchanga. Koma chikhocho chakhala chikupita ndi alendo. Madalitso Muthiya, Mzambia woyamba kusewera mu US Open mu 2006, anakulitsira luso lake ku yunivesite ya New Mexico, ndipo chikho chake cha Sunshine Tour cha mu 2016 anakachipezera ku South Africa.

Sindikusirira zonse. Kwawoko khomo limatsekulidwa ndi ndalama: ndodo, umembala wa kalabu, tikiti ya ndege. Mnyamata wonyamulira bwana chikwama cha ndodo angadziwe bwalo kuposa bwanayo, koma n'kukalamba akunyamulabe. Kwathu mwana wopanda nsapato amalowa m'bwalo, wogonja amadya nawo nsima, ndipo pa nsolo pansi pa mtengo salipiritsa munthu. Zimenezi tisazisinthanitse ndi chilichonse.

Chomwe atiposa n'chakuti mpikisano wawo si wa wopereka ndalama. Kampani ya migodi kapena banki ikachoka, dzina la chikho limasintha, mwina mpikisano umodzi n'kugwa, koma bungwe, malamulo ndi kaundula zimatsala. Ndipo tisanamizane kuti Achewa sitingathe kusunga mwambo wa chaka ndi chaka. Kulamba ku Mkaika imachitika Loweruka lomaliza la Ogasiti, mafumu ochokera ku Malawi, ku Mozambique ndi kuno ku Zambia n'kudzagwada pamaso pa Kalonga Gawa Undi popanda wowakumbutsa tsiku. Pamenepo othandiza amabwera n'kupita, mwambo osasuntha, chifukwa uli ndi eni ake.

Inu a matimu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, musadikire wambuzi kuti akuitaneni. Khalani pansi mvula isanathe, sankhani komiti yanuyanu, lembani masiku a masewero, gulani buku lolembamo zigoli, ndipo wobweretsa mphotho adzapeze malamulo alipo kale.