Kuluka Chingwe Cholimba ndi Mphanda ya Mtengo

Chingwe cha kabudula wa mwana chikaduka kapena zingwe za nsapato zikatha, ambirife timathamangira kumsika. Komatu m'nyumba zambiri muli ulusi wotsala polukira majuzi, mulinso agogo amene khasu linayamba kuwalemera koma zala zawo zikadali ndi luso. Kachida kotchedwa lucet kangathandize kuti ulusiwo usatayidwe, agogowo apezenso ntchito yopepuka yothandiza banja.

Lucet ndi kachida ka mano awiri, kooneka ngati mphanda ya legeni. Ku Ulaya ankakasema ndi mtengo, fupa kapena nyanga ya nyama. Zipi zisanabwere, zovala zambiri zinkamangidwa ndi zingwe, ndipo m'zaka za m'ma 1700 amayi a ku England ankaluka okha zingwezo ndi kachidaka. Makina atayamba kupanga zingwe zotsika mtengo m'zaka za m'ma 1800, ambiri anakasiya. Chingwe chake chimakhala cha mbali zinayi, cholimba, chotamuka pang'ono. Ubwino wina ndi woti simudula ulusi poyamba. Mumangoluka mpaka chingwe chitafika utali umene mukufuna.

Pangani kanu

Pezani mphanda ya gwafa kapena ya mtengo wina wolimba, yonga ija anyamata amafuna popanga legeni. Mano ake akhale otalika ngati chala chamkombaphala, otalikirana moti zala ziwiri zilowe pakati. Chotsani makungwa, iume pamthunzi, kenaka muisalaze ndi sandipepala kuti ulusi usamakodwe. Foloko yapulasitiki imagwiranso ntchito mukathyola mano awiri apakati ndi kusalaza pothyokapo. Amene ali ndi kathabwa angadule chooneka ngati chilembo cha U chokhala ndi chogwirira, n'kuboola kabowo pansi pa mano kotulukira chingwe.

Kalukidwe kake

Gwirani mphanda ndi dzanja lamanzere, chala chachikulu chitapanikiza nsonga ya ulusi pachogwirira. Zungulizani ulusi pa mano onse awiri monga mukulemba nambala 8, kuti dzino lililonse likhale ndi kamphete kamodzi ka ulusi. Goneketsani ulusi kutsogolo kwa dzino lakumanja, pamwamba pa kamphete kaja. Nyamulani kamphete kapansiko, kadumphe ulusi ndi nsonga ya dzino, kagwere pakati. Kokani ulusi pang'ono kuti mfundo igwire. Tsopano tembenuzani mphanda kuti dzino lakumanzere libwere kumanja. Ulusi udzizinga wokha pa dzinolo. Nyamulaninso kamphete kapansi, kokani, tembenuzani. Muzitembenuzira mbali imodzimodzi nthawi zonse. Mfundo zoyamba zimaoneka zosokonekera, koma mukapitiriza mbali zinayi zija zimayamba kuoneka. Pomaliza dulani ulusi, lowetsani nsonga yake m'timphete tonse tiwiri ndi kukoka kuti chingwe chisamasuke. Ophunzira ayambe ndi ulusi wokhuthala wa mtundu wowala, chifukwa mfundo zake zimaoneka bwino.

Samalani thupi

Ntchitoyi safuna mphamvu zambiri, ndipo imachititsa zala kuyenda. Khalani powala, makamaka pakhonde m'mawa, msana utatsamira. Muzipumira kawirikawiri, kutambasula zala ndi kuyendako pang'ono. Zala zikakhala zouma, kuziviika m'madzi ofunda musanayambe kumathandiza. Mukamva ululu lekani. Mfundo za zala zikatupa ndi kutentha, pitani kuchipatala. Amene anachita sitiroko afunse kaye achipatala ngati dzanja lawo lakonzeka.

Chenjezo lalikulu ndi la ana. Chingwe chimenechi sichiduka msanga, choncho musamangire khanda m'khosi, ndipo musasiye chingwe chachitali pamalo pogona kapena posewerera ana aang'ono. Chingathe kumupotokola mwana.

Zingwezi zimamanga makabudula, nsapato, matumba a mbewu, makiyi ndi magalasi a maso. Amayi a Dorika angaziike m'zovala zimene amasokera osowa, monga Dorika wa pa Machitidwe 9 ankathandizira amasiye ndi ntchito ya manja ake. Sabata likatha, m'kati mwa mlungu, tumani mdzukulu akafune mphanda, inu mumasule juzi lakale, ndipo agogo akhale oyamba kuphunzira kuti adzaphunzitse ena onse.