Phiri la Chiradzulu ndi Anthu Okhala M'tsinde Mwake

Munthu wochoka ku Limbe pa mseu wa ku Zomba amaona phiri lalikulu ku dzanja lamanja, litaima lokha pakati pa minda ndi midzi. Limenelo ndilo phiri la Chiradzulu, ndipo m'tsinde mwake ndi m'mene muli boma la Chiradzulu. Ulendo wake sukwana ola limodzi pa galimoto. Tauniyo ndi yaing'ono: maofesi a Bwana D.C., chipatala, polisi, msika, masukulu ndi masitolo owerengeka. Koma anthu ambiri amene anatumizidwako pa nchito amaikonda chifukwa cha mphepo yake yabwino, ndipo mphepo imeneyi ichokera ku phirilo.

Phirili ndi lalitali mamita 1,773, ndiwo mapazi opitirira 5,800. M'chigawo cha kumwera liposedwa ndi Mulanje ndi Zomba. Tauniyo nayo iri pamtunda, pafupifupi mamita 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere. Odziwa za nyengo apeza kuti munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri 6 kapena kuposa pang'ono. Nchifukwa chake m'mwezi wa October, pamene anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje agona panja chifukwa cha thukuta, wa ku Chiradzulu amatha kufunda nsalu m'bandakucha.

Mvula imayamba mu November nileka mu April. Kuyambira May mpaka August kumabwera chiperoni, nkhungu ija ya mvula yowaza imene imatha masiku atatu kapena anai dzuwa osaoneka. Dzinali lichokera ku phiri la Chiperone la ku Mozambique, kumene mphepo yachinyezi ya ku nyanja ya Indian imadzera. Ikagunda phiri imakwera, nizizira, nisanduka mtambo. Amai amadana nacho chiperoni chifukwa mphale siuma ndipo ana amatsokomola. Koma mlimi wa mbatata, nandolo ndi kabichi amachiyamika, ndiponso woweta ng'ombe zamkaka, pakuti msipu suuma msanga. Si mwangozi kuti famu ya boma ya ziweto inaikidwa pa Mikolongwe, kumene nkhuku zakuda zija zinatengera dzina lake.

Mu 1924 boma linapatula phirili kuti likhale nkhalango yotetezedwa. Chifukwa chake chinali madzi. Mtengo umachita ngati dzanja logwira mvula: masamba achepetsa mphamvu ya madontho, zinyalala za pansi zimwa madziwo, ndipo mizu iwatsogolera kunsi kwa nthaka, kumene amatuluka pang'onopang'ono m'akasupe mpaka m'chilimwe. Phiri likametedwa mpala, madzi a mwezi wathunthu amatsika tsiku limodzi, atanyamula nthaka ya m'minda, ndipo pofika September amai ayenda mtunda wautali ndi ndowa.

Apa ndipo pali bvuto. Chiradzulu ndi boma laling'ono, masikweya kilomita 767 okha, koma kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 350,000. Ndiye kuti pa sikweya kilomita imodzi pakhala anthu opitirira 450. Kuchuluka kumeneku kunayamba kale, pamene Alomwe anali kulowa kuchokera ku Mozambique cha m'ma 1900 kudzakhala pamodzi ndi Amang'anja ndi Ayao, pomwe malo ambiri anali m'manja mwa Azungu a minda. Banja limene munda wake sukwana ekala limayang'ana kuphiri, ndipo nkhuni ndi makala ziri ndi msika wosatha ku Limbe ndi Blantyre. Nkosabvuta kudzudzula wootcha makala, koma iye amaotcha chifukwa wina m'tauni amagula.

Mu March 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula masiku angapo osaleka. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri lina la m'bomali nizikwirira mudzi wa Ntauchira, kwa mfumu yaikulu Likoswe. Anthu anafa, ndipo opulumuka anatsala opanda nyumba ndi minda. Akuluakulu amati napolo, monga anatero ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Mvula yotere ikhoza kugumula ngakhale phiri la mitengo, choncho nkhalango yokha siikwanira. Chofunikanso ndi malo omangapo nyumba. Pakamwa pa khwawa, ngakhale louma, si pomanga, ndipo miyala ikuluikulu yobulungira imene iri mbwee m'munda ndi umboni wakuti madzi anadzerapo kale.

Phirili ndi malo achisangalalonso, ngakhale eni ake ambiri sanalikwerepo koma pofuna nkhuni. Alendo ochokera ku Blantyre amalikwera pa Loweruka nabwerera tsiku lomwelo. Nthawi yabwino ndi May ndi June pa tsiku lopanda nkhungu, utsi wa moto wa tchire usanaphimbe dziko. Ali pamwamba munthu amaona Mulanje, Zomba ndi chigwa cha Phalombe monga pa mapu, ndipo mwana amene waona zimenezi ndi maso ake sabvutikanso ndi phunziro la jogalafe. Aphunzitsi ofuna kupita ndi ana ayambe aonana ndi a ofesi ya nkhalango, atenge munthu wodziwa njira, madzi akumwa ndi majuzi, ndipo anyamuke mamawa. Chiperoni chikagwa ulendo ulekeke, pakuti m'nkhungu munthu amasokera pa mtunda wa mapazi makumi awiri.

M'munsimu masewera ndi omwe aja a m'midzi yonse: mpira wamiyendo pa bwalo la sukulu, mpira wamanja wa atsikana, bawo pansi pa mango, ndi tchopa ya Alomwe anthu atakolola. Tsiku lalikulu ndi 15 January, pamene anthu amasonkhana ku Mbombwe, pa mishoni ya P.I.M. imene John Chilembwe anayamba mu 1900, kukumbukira nkhondo yake ya 1915. Tsikuli limagwa pakati pa dzinja, ndipo opitako saiwala ambulera.

Pa za moyo wa tsiku ndi tsiku, bomali liri ndi mwai umene maboma ena akutali alibe. Kupatula chipatala cha pa boma, pali china cha mishoni ku Nguludi, komwenso Yunivesite ya Katolika inatsegulidwa mu 2006. Ndi ku Chiradzulu kumene madokotala a Médecins Sans Frontières anayamba kupereka mankhwala a ma ARV mu 2001, pamene m'madera ambiri anali asanafike. Wophunzira akhoza kugwira nchito ku Limbe nagona kwao.

Nyengo yodzala mitengo imayamba mu December ndi kutha mu April. Mbande yodzalidwa ndi mvula yoyamba imakhala itazika mizu pofika chilimwe, pamene ya mu March kawirikawiri imauma. M'mbali mwa makwawa mumayenera nsungwi, mbawa ndi udzu wa vetiva, osati bulugamu, amene amamwa madzi ambiri.