Bowa wa Shiitake: Ndiwo Zabwino, Koma Sulowa M'malo mwa Chipatala

Kwa zaka mazana ambiri anthu a ku China ndi ku Japan akhala akulima bowa wofiirira wotchedwa shiitake pa zipika za mitengo. Dzinali n'la Chijapani, lochokera ku mtengo wa shii umene bowayu amamerapo ukafa. Popeza mbiri yakuti amachiritsa matenda yawanda, n'koyenera kuti aphunzitsi ndi antchito a Boma, amene anthu amafunsako nzeru, asiyanitse zotsimikizika ndi zonena za amalonda.

M'chaka cha 1969 katswiri wa ku Japan, Goro Chihara, pamodzi ndi anzake anayenga m'bowayu mankhwala otchedwa lentinan, amene amadzutsa chitetezo cha thupi. Mu 1985 Boma la Japan linalola kuti lentinan aziperekedwa kwa odwala khansa ya m'chifu, koma mwa jakisoni, ndiponso mophatikiza ndi mankhwala ena a khansa. Mbale ya bowa siingagwire ntchito imeneyi, ndipo wodwala amene asiya chipatala podalira bowa ataya masiku amene madokotala akanamuthandiza.

Monga chakudya, shiitake ngwabwino ndithu. Ali ndi mavitamini a gulu la B, ndipo mafuta ake ngochepa. Akayanikidwa padzuwa, chinthu china cha m'kati mwake chotchedwa ergosterol chimasanduka vitamini D, wolimbitsa mafupa. Zimenezi zimachitikanso ndi bowa wa mitundu ina, kotero amayi a kuno amene amayanika bowa wa m'dzinja amachita mwanzeru.

Ku Japan bowa wouma amamuviika m'madzi ozizira kwa maola angapo. Madziwo sataya ayi, chifukwa ndiwo amakometsa msuzi umene amautcha dashi. Tsinde lolimba amachotsa, ndipo chipewa amachikazinga kapena kuchiphika ndi masamba ndi nyama.

Chofunika koposa n'chakuti bowayo apse. Mu 1977 dokotala wa ku Japan, Takehiko Nakamura, anafotokoza za zidzolo zoyabwa, zooneka ngati mikwingwirima ya chikoti, zimene zimatuluka pa anthu ena patapita tsiku limodzi kapena awiri atadya shiitake wosapsa. Akatswiri amaganiza kuti choyambitsa ndi lentinan yemweyo, amene moto umamuthetsa mphamvu. Choncho womuphika asafulumire kuphula mphika, ndipo wodwala asaleke kupita kuchipatala.