Mawailesi a trunking

Trunking ndi njira imene mawailesi ambiri olankhulirana, aja anthu amawatchula kuti walkie-talkie, amagwiritsira ntchito matchanelo ochepa mosinthana. Tchanelo sichikhala cha gulu limodzi nthawi zonse. Kompyuta ya netiweki imabwereketsa tchanelo kwa gulu limene likufuna kulankhula, ndipo likamaliza imachipereka kwa ena. Njirayi imagwiritsidwa ntchito ndi apolisi, ozimitsa moto, maambulansi, migodi, mabwalo a ndege ndi makampani a sitima za pamtunda m'maiko ambiri. Wailesi singalowe mu netiweki yotere pongoyiyatsa. Iyenera kuikidwa manambala ndi zinthu zina kudzera pa kompyuta, komanso eni netiweki ayenera kuivomereza.

Mmene imagwirira ntchito

Pa wailesi wamba, gulu lililonse limakhala ndi frequency yakeyake. Gululo likakhala chete, frequency ija imangokhala osagwira ntchito, pamene gulu lina likudikira kuti yawo ipeze mpata. Trunking imathetsa vuto limeneli.

Pa nsanja iliyonse pamakhala tchanelo chimodzi chotchedwa control channel, chimene ntchito yake yaikulu ndi kunyamula malangizo. Mawailesi onse amene sakulankhula amamvetsera tchanelo chimenechi. Munthu akadina batani lolankhulira, wailesi yake imatumiza pempho lalifupi lokhala ndi nambala yake ndi nambala ya gulu lake. Kompyuta imapeza tchanelo chimene chilibe munthu n'kuuza mawailesi onse a gululo kuti apite kumeneko. Zonsezi zimachitika sekondi imodzi isanathe. Ngati matchanelo onse adzaza, pempho limaikidwa pa mzere, koma la ngozi limatha kudumpha mzerewo.

Gulu la mawailesi amene amamvana limatchedwa talkgroup. Talkgroup ndi nambala chabe, si frequency. Choncho munthu akatembenuza kabatani ka pamwamba pa wailesi amakhala akusintha gulu.

Mitundu yake

Dzina lakuti trunking linachokera ku matelefoni akale, kumene mawaya ochepa olumikiza mizinda ankatchedwa trunk ndipo ankagwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri mosinthana. Mu 1988 dziko la Britain linatulutsa MPT 1327, ndondomeko imene malangizo ake anali a digito koma mawu ankayenda mwa analogi. Masiku ano mitundu yodziwika ya digito ndi iyi:

* TETRA, yopangidwa ndi bungwe la ku Ulaya la ETSI m'zaka za m'ma 1990. Tchanelo chimodzi cha 25 kHz chimagawidwa panayi. Apolisi a ku Britain amagwiritsa ntchito TETRA pa netiweki ya Airwave, ndipo mzinda wa Cape Town ku South Africa uli ndi netiweki yake ya TETRA.
* DMR, ya ETSI yomweyo, imene inatuluka mu 2005. Tchanelo cha 12.5 kHz chimagawidwa pawiri. Gawo lake la trunking limatchedwa Tier III.
* P25, imene inayambika ku United States mu 1989 ndipo imagwiritsidwa ntchito kwambiri ku North America ndi ku Australia.
* NXDN, ya makampani a Icom ndi Kenwood.

Kugawa tchanelo kumatanthauza kuti mawailesi amatumiza mawu mosinthana m'timphindi tochepa kwambiri, moti khutu silizindikira. Mwachitsanzo, nsanja ya DMR yokhala ndi ma repeater atatu imakhala ndi mipata isanu ndi umodzi. Umodzi ukakhala wa control channel, magulu asanu akhoza kulankhula nthawi imodzi. Mitunduyi simamvana. Wailesi ya DMR singalowe mu netiweki ya TETRA ngakhale ikhale pa frequency yomweyo.

Kuika wailesi mu netiweki

Zonse zimene wailesi imasunga zimakhala mu fayilo yotchedwa codeplug. Fayiloyi imalembedwa ndi pulogalamu ya kampani imene inapanga wailesiyo, monga Motorola, Hytera kapena Kenwood, ndipo wailesi imalumikizidwa ku kompyuta ndi chingwe chake cha USB. Katswiri amatsata ndondomeko iyi:

1. Kuona ngati wailesi ndi ya mtundu woyenera komanso ya band yoyenera. Wailesi ya VHF ya 136 mpaka 174 MHz singagwire netiweki ya UHF. Mawailesi ena amafunika kugulira laisensi ya trunking padera.
2. Kukopera codeplug imene ili kale mu wailesi ndi kuisunga, kuti zinthu zikalakwika aibwezeretse.
3. Kulemba manambala ozindikiritsa netiweki. Pa TETRA pamakhala nambala ya dziko ndi ya netiweki, pa P25 pamakhala WACN ndi System ID, ndipo pa DMR Tier III pamakhala system identity code.
4. Kulemba ma frequency a control channel a nsanja zonse zimene wailesi idzadutsamo, pamodzi ndi ndandanda yosonyeza frequency ya tchanelo chilichonse.
5. Kuika nambala ya wailesiyo, imene siyenera kufanana ndi ya wailesi ina iliyonse mu netiwekiyo.
6. Kuika ma talkgroup amene mwini wake waloledwa, ndi kusankha kumene batani la ngozi lidzatumiza uthenga.
7. Kuika makiyi a chinsinsi ngati netiweki imabisa mawu. Kawirikawiri makiyiwa amalowetsedwa ndi chipangizo chapadera.
8. Kutumiza codeplug mu wailesi batire lili lodzaza, chifukwa moto ukathera pakati wailesi ikhoza kukana kuyaka.

Ikayatsidwa, wailesi imasaka control channel n'kudzilembetsa. Kompyuta imayang'ana ngati nambalayo ili m'kaundula wake. Ngati mulibe, imaikana. Manambala onsewa amaperekedwa ndi woyang'anira netiweki, si ongopeka.

Malamulo ku Malawi

Ku Malawi ma frequency amagawidwa ndi bungwe la MACRA, limene linakhazikitsidwa potsatira lamulo la Communications Act la 1998. Lamuloli linalowedwa m'malo ndi lina mu 2016. Kampani kapena bungwe lofuna netiweki ya mawailesi liyenera kupeza laisensi ku MACRA, ndipo zipangizo zake ziyenera kukhala za mtundu wovomerezeka.

Kulowetsa wailesi mu netiweki ya eni popanda chilolezo n'koopsa. Wailesi ya trunking imatumiza uthenga wodzilembetsa yokha ngakhale mwini wake asanalankhule, choncho eni netiweki amaiona. Munthu akakopera nambala ya wailesi ya ambulansi, kompyuta imasokonezeka posadziwa kumene wailesi yeniyeni ili, ndipo uthenga ukhoza kulephera kufika kwa dalaivala. Woyang'anira netiweki amatha kutseka wailesi yobedwa kapena yokopera ali patali.

Mapiri ndi nyanja: chitsanzo cha Uliwa

Mafunde a VHF ndi UHF amayenda molunjika ndipo mapiri amawatchinga. Uliwa ndi malo amalonda pa msewu wa M1, kummwera kwa boma la Karonga, pafupi ndi doko la Chilumba. Kummawa kwake kuli nyanja ya Malawi, pomwe kumadzulo nthaka imakwera kulowera ku mapiri a Nyika. Pamwamba pa madzi mafunde amafika kutali chifukwa palibe chowatchinga, koma galimoto yolowera kummwera ikayamba kukwera zitunda za Chiweta ikhoza kubisika kuseri kwa phiri. N'chifukwa chake dera lotere limafuna nsanja zingapo pamalo okwera. Ngati katswiri waiwala kulemba control channel ya nsanja yachiwiri, wailesi ikhoza kugwira bwino pa Uliwa koma n'kungokhala chete ikadutsa malire a nsanja yoyamba.

Boma la Karonga limakumana ndi kusefukira kwa madzi nthawi ya dzinja, ndipo mu Disembala 2009 kunachitika zivomezi zingapo zimene zinagwetsa nyumba zambiri. Pa ngozi zotere anthu ambiri amaimba mafoni nthawi imodzi ndipo magetsi amatha kuzima. Pachifukwa ichi codeplug yabwino imakhalanso ndi matchanelo a direct mode, amene amalola mawailesi oyandikana kulankhulana okha popanda nsanja. Manetiweki ambiri amalolanso nsanja kupitiriza kutumikira dera lake yokha ikaduka kulumikizana ndi likulu.

Mawailesi a sitima za panyanja, monga MV Ilala imene imaima pa Chilumba, ndi nkhani ina. Pa mawailesi a VHF a panyanja, tchanelo 16, pa 156.8 MHz, ndi choitanira komanso chopemphera thandizo pa ngozi padziko lonse. Tchanelochi si cha trunking. Chimakhala chotsegula kuti sitima iliyonse imene ili pafupi imve popanda kulembetsa kwa wina aliyense.