MBIRI YA MPINGO WA ANGILIKANI: GAWO LACHITATU — NYUMBA YA MULUNGU PA CHIPYELA

Sabata yatha tidalekezera pamene Bishopu Mackenzie adamwalira ndi malungo m'chaka cha 1862, pafupi ndi pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Tidaonanso kuti wolowa m'malo mwake, Bishopu Tozer, adasamutsira mishoni ku Zanzibar m'chaka cha 1864. Lero tiyeni tiwoloke nyanja, tikatsike pa chilumba cha Likoma, pamene amishoni a UMCA adakhazikika atabwereranso kuno m'chaka cha 1885.

Mlendo wofika pa Likoma sachita kufunsa kumene kuli tchalitchi chachikulu cha Petro Woyera. Nyumbayi ndi yaitali pafupifupi mamita 100, ndipo idamangidwa ndi manja a anthu a pachilumbapo motsogozedwa ndi mmisiri wa mishoni, Frank George. Bishopu Trower adaika mwala wa maziko m'chaka cha 1903. Anthu adayamba kupemphereramo m'chaka cha 1905, ndipo Bishopu Fisher adaipatula m'chaka cha 1911. Ambiri amazizwa ndi kukula kwake, koma ndi ochepa amene amafunsa za dothi limene nyumbayi idakhalapo.

Malowo dzina lake ndi Chipyela, kutanthauza malo otentherapo. Kale munthu akaganiziridwa kuti ndi mfiti, ankamutengera pamenepo ndi kumutentha wamoyo anthu akuonerera. Pamalo pamene pankamveka kulira kwa otenthedwa, lero pamamveka belu loitanira anthu ku mapemphero. Mishoni yomweyi idachitanso zofanana ndi zimenezi ku Zanzibar, kumene tchalitchi chachikulu chidayamba kumangidwa m'chaka cha 1873 pabwalo limene linali msika wa akapolo.

Pamenepa wina atha kuganiza kuti Azungu aja adachokera ku dziko la anthu oyera mtima kudzaphunzitsa makolo athu chifundo. Mbiri ikukana zimenezo. Chauncy Maples ndi William Percival Johnson, amene adatsogolera ntchito ya kunyanja, onse awiri adaphunzira ku Oxford, ndipo mzinda umenewo udali ndi Chipyela chakechake. Kumeneko mabishopu awiri, Latimer ndi Ridley, adatenthedwa amoyo m'chaka cha 1555, nthawi ya Mfumukazi Mary, chifukwa cha chiphunzitso chawo. Chaka chotsatira, pa 21 Malichi 1556, adatenthanso Thomas Cranmer, Bishopu Wamkulu wa Canterbury, amene adakonza Buku la Mapemphero la Angilikani la 1549.

Koma nayenso Cranmer sadali wopanda banga. Iye adali mmodzi mwa amene adazenga mlandu wa mayi wina dzina lake Joan Bocher, yemwe adatenthedwa m'chaka cha 1550 pa nkhani za chikhulupiriro. Moto umene adathandiza kusonkhera mnzake udadzamupeza mwini wake patangopita zaka 6. Akuluakulu sadaname pamene adati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndiponso m'dziko la England anthu ambiri, makamaka amayi osauka, adanyongedwa pa mlandu wa ufiti, kufikira malamulo otero adathetsedwa cha m'ma 1730.

Tsono chimene chidabwera pa Likoma sichidali ungwiro wa mtundu wina wa anthu. Chidali chiphunzitso chimene chidatsutsa eni ake poyamba, chisanatsutse ife. Chiphunzitsocho munthu amachiona ndi maso akalowa m'mapemphero a mpingowu.

Choyamba ndi kuulula machimo. Asanalandire Mgonero, anthu onse amagwada ndi kuvomera pamodzi kuti adachimwa m'maganizo, m'mau ndi m'zochita. Wansembe nayenso amaulula pamodzi nawo. Palibe mpata woti munthu aimirire ndi kutchula tchimo la mnansi wake. Aliyense amabwera ndi katundu wake. Pa Chipyela chakale khamu linkaloza chala munthu mmodzi. M'nyumba imene idamangidwa pamenepo, chala chimatembenukira kwa mwini dzanja.

Chachiwiri ndi chikho. Mwa mfundo 39 za chikhulupiriro zimene mpingowu udakhazikitsa m'chaka cha 1571, mfundo ya nambala 30 imaletsa kumana anthu wamba chikho cha Ambuye. Ife tikudziwa tanthauzo la kumwera chikho chimodzi. Kumudzi munthu woganiziridwa ufiti amasalidwa poyamba pa chakudya: ana amaletsedwa kulandira mtedza kwa iye, mbale yake saigwira, ndipo pamaliro amakhala yekha kumapeto kwa mkeka. Nanga zitheka bwanji kuti munthu amene tagawana naye chikho Lamulungu m'mawa, madzulo ake tizimuthawa ngati njoka?

Funso limeneli si la mbiri yakale yokha. M'mwezi wa Januwale 2016, m'boma la Neno, anthu anayi okalamba adaphedwa ndi gulu la anthu atawanamizira kuti ndiwo adatumiza mphenzi imene idapha mtsikana wina. Zimenezi zidachitika patapita zaka zoposa 100 chikhazikitsireni lamulo la 1911 loletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Lamulo lidalembedwa, matchalitchi adamangidwa, koma Chipyela chidangosamuka pa Likoma ndi kukamanga msasa m'mitima mwathu.

Ine ndaziona ndekha m'kalasi. Mnyamata wina wa Fomu 4, wanzeru ndithu, adalongosola bwino pa mayeso mmene mphenzi imapangikira m'mitambo. Patapita masabata ochepa adabwera kudzandiuza kuti sadzapitanso kwa agogo ake akazi, chifukwa amalume ake adamuuza kuti ndiwo akudwalitsa mlongo wake. Nditamufunsa amene adamulera mayi ake atamwalira, adaweramitsa mutu nanena kuti ndi agogo omwewo. Ndidamufunsanso ngati mlongo wakeyo adapita naye kuchipatala kukayezetsa magazi. Adati ayi. Mnyamatayu amaimba kwaya kutchalitchi kwawo, ndipo katekisimu amamudziwa pamtima. Chimene chidamusowa ndi mtima woti aimirire pamaso pa amalume ake ndi kunena kuti palibe umboni.

Pamenepa ndi pamene pagona kutsata Khristu kwa tsiku ndi tsiku. Kawirikawiri moto suyamba ndi machesi. Umayamba ndi kanong'onong'o pachitsime, pachigayo kapena pasiwa. Mkhristu akamva dzina la nkhalamba likutchulidwa motero, ali ndi zochita zitatu zosafuna ndalama: kukana kupititsa mphekeserayo patsogolo, kuumiriza abale kuti wodwala apite kuchipatala, ndi kukalowa m'nyumba ya wosalidwayo masana anthu akuona, nadya naye nsima. Chachitatuchi ndicho chovuta, pakuti wochita zimenezi nayenso amayamba kulozedwa chala. Komatu Ambuye amene timawatchula adaimirira pakati pa mayi wogwidwa ndi tchimo ndi anthu amene adanyamula miyala.

Makolo athu adati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. N'zachisoni kuti masiku ano moto tikuuyatsa m'dambo momwemo. Anthu a pa Likoma adasenza miyala pamutu kuti akwirire malo otentherapo anzawo. Ife ntchito yathu ndi yoonetsetsa kuti malo otero asatsegulidwenso pakhomo pathu.

Sabata yamawa tidzaona moyo wa Leonard Kamungu, mwana wa kunyanja amene adadzozedwa unsembe m'chaka cha 1909, nakamwalira ku Msoro m'dziko la Zambia m'chaka cha 1913.